Maloko Awiri pa Chitseko Chimodzi

Munthu wodula makiyi amadyera dzina lake. Ukamupatsa kiyi wa pakhomo pako kuti akudulire wina, umakhala wamupatsa nyumba yonse, ndi kuchipinda komwe. Zikangomveka kamodzi kuti amadula awiri n'kukupatsa mmodzi, winayo n'kuponya m'thumba, ntchito yake yathera pomwepo. A Makiyi anasunga dzina lawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo amene anawawonongera dzinalo ndine.

Tinkagawana khonde limodzi la sitolo ya zitsulo. Iwo ankakhala kumanja ndi tebulo lawo, makina odulira, tupa, kabulashi ka waya ndi thabwa la misomali pomwe pankalendewera makiyi osadula. Ine ndinkakhala kumanzere ndi ulusi, zipi, mabatani ndi singano. Dzina lawo lenileni ndi la m'buku la ubatizo basi, mumsewu monse anali a Makiyi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo nthawi imene makina kunalibe, moti ankatha kungoyang'ana kiyi kamodzi n'kumudula ndi tupa, iwe utapita kale. Luso limeneli ankaliopa okha. Munthu akaika makiyi ake patebulo n'kuyamba macheza, iwo ankatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Bisani zanuzo. Ine ndinabatizidwa, koma maso angawa madzi sanawafike."

M'mawa uliwonse asanayatse makina ankavula chipewa n'kupemphera pemphero lomwelomwelo, lalifupi ngati moni: "Ambuye, tsiku mwatsegula ndinu, ife tingolowa." Ndinkawaseka kuti Mulungu anatopa nalo pempheroli. Iwo ankati ngati anatopa nalo akanena yekha.

Akazi awo tinkawatchula kuti Amayi a Tsache. Anali mayi wathupi, wa mawu oti akayambitsa nyimbo kumbuyo kwa tchalitchi, akutsogolo ankadzidzimuka. Kwa zaka zonse zimene ndikukumbukira, ankasesa m'tchalitchi chathu m'mawa uliwonse, popanda wowatuma kapena wowathokoza. Mwana wako akataya pepala la switi pansi pa benchi, ankakubweretsera pepalalo kunyumba kwako. Ndinkawaopa, komanso ndi iwo amene anandigwira dzanja tsiku la ukwati wanga. Ana awo awiri anakula n'kupita kutali kukagwira ntchito.

Mpingo wathu unang'ambika chifukwa cha kalata imodzi. Kulikulu analemba kuti abusa athu asamutsidwe. Ena anati akhale, ena anati apite, ndipo pasanathe mwezi mayina amenewa anatimatirira: panali gulu la Akhale ndi gulu la Apite. Amuna anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anali patsogolo pa Apite, ndiye ine sindinachite kusankha. Nkhaniyi siinathere pakhomo la tchalitchi. Inalowa mumsika, moti mayi wa Akhale ankalolera kugula tomato wofota kusiyana n'kugula wabwino kwa mayi wa Apite. Pamaliro ena makwaya awiri anaimba nyimbo ziwiri nthawi imodzi, wina kuyesa kumiza mnzake, ofedwa ali kakasi. Lamlungu lina akuluakulu atalimbirana maikolofoni mpaka waya kuduka, kulikulu analamula kuti tchalitchi chitsekedwe kufikira nkhani itaweruzidwa. Akhale anaika loko wawo pachitseko. Ife, posawakhulupirira, tinaika wathu pamwamba pake. Maloko onse awiri anagulidwa kwa a Makiyi, sabata imodzimodziyo.

Akhale anayamba kupemphera m'kalasi ya pasukulu, ife mushedi ya garaja ina, mafuta a galimoto akutinunkhira. A Makiyi ankapita uku Lamlungu lino, uko Lamlungu linalo. Kulikonse ankakhala kumbuyo, chipewa pabondo, ndipo akangokhala pansi nkhani za anthu zinkazima. Akhale ankati ndi kazitape wathu, ife tinkati ndi kazitape wawo. Tsiku lina ndinawauza pakhonde paja kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe kumodzi. Anandiyankha akupukuta tupa kuti mwini mpingo anali asanawauzebe mbali imene ali, ndiye akungomufunafuna konse konse. Yankho limeneli linandinyansa, chifukwa linkamveka ngati la munthu wodziyesa woyera kuposa tonsefe.

Amayi a Tsache anali atasiya kuoneka cha nthawi yomweyo. Tonse tinangoti akwiya ndi za kugawanikazi, ndi mtima wawo uja. Ndikafunsa a Makiyi, ankangoti, "Alipo, Mulungu akusunga," n'kuyatsa makina kuti phokoso litseke nkhani.

Patatha miyezi inayi, mayi wina wa gulu lathu anasuzumira pawindo la tchalitchi. Anayembekeza kuona fumbi ndi ndowe za mileme. Anaona pansi posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka, mabenchi opukutidwa, nsalu ya patebulo la kutsogolo itayalidwa mowongoka. Madzulo ake amuna anga anafika kunyumba akuwira, akuti Akhale akuchita mapemphero mobisa. Kumbali inayo Akhale ankalumbira kuti ndife. Amuna anga anayamba kuvala kiyi wathu m'khosi ndi chingwe, ndipo ngakhale kubafa ankapita naye. Koma sabata yotsatira m'tchalitchi munali mosesedwabe, maloko onse awiri ali chitsekere.

Ine ndili ndi maso, ndipo Mulungu andikhululukire, ndimawanyadira. Ndinayamba kuwerenga mnzanga wa pakhonde. Munthu amene kale ankafika sitolo isanatsegulidwe tsopano ankafika dzuwa litakwera. Tsiku lina ndinaona ulusi wa kangaude pachipewa chawo. Tsiku lina atawerama kutola msomali, m'thumba la malaya munagwa makiyi awiri omangidwa pamodzi ndi ulusi wofiira umene anagula kwa ine, ndipo anawatola mofulumira kuposa msinkhu wawo. Masana ankawodzera patebulo. Padzanja anali ndi bala la moto ngati la munthu amene waphunzira kuphika atakula. Kenako anandifunsa kasokedwe ka batani. Mwamuna wokhala ndi mkazi m'nyumba angafunse zimenezo? Ndinaphatikiza zonsezi pamodzi n'kudziuza kuti galu wamkota sakandira pachabe: mayi aja anachoka, ndipo pali wina.

M'mawa wina ndinanamiza amuna anga kuti ndikukaoda katundu. Ndinakaima kuseri kwa mpanda wa nyumba yoyang'anana ndi tchalitchi, kunja kutangoyera, mumsewu muli agalu okha. Sipanapite nthawi, a Makiyi anatulukira. Sanali okha. Anali ndi mzimayi woonda, wofunda nsalu kumutu mpaka kumaso, atawakolowekera dzanja pamkono. Anatsegula loko wa Akhale, anatsegula wathu, analowa onse awiri n'kubweza chitseko.

Sindinadikire. Amayi a Tsache amene ndinkawadziwa sakanakwana n'komwe m'diresi la mzimayi ameneyu, ndiye ndinalibe choti ndifunse. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo mwambiwu sunandibwerere m'mutu. Ndinathamangira kunyumba, ndinapeza amuna anga akumanga nsapato, ndinakhuthula zonse. Pofika masana msewu wonse unali utamva kuti a Makiyi amalowetsa mkazi m'nyumba ya Mulungu. Ndinene zoona: ndinakondwa. Nkhani inali yanga, anthu ankabwera kudzagula singano imodzi kuti aimve kuchokera pakamwa panga, ndipo ndinkaifotokoza motsitsa mawu, mwini wake ali apo akupukuta makina.

Loweruka lake magulu awiri aja anakhala pabwalo limodzi koyamba chitsekereni tchalitchi, awa mbali iyi, awo mbali iyo, pakati pali tebulo. A Makiyi anaima chipewa chili m'manja. Asanafunsidwe n'komwe anatulutsa makiyi awiri aja, ulusi wanga wofiira uli pomwepo, n'kuwaika patebulo. Anavomera kuti pogulitsa malokowo anayang'ana makiyi ake, ndipo anthu atachoka anadula ena. Anati chiyambire ntchito anali asanachitepo zotere, ndipo ankadziwa kuti akulakwa pamene ankadula. Mkulu wa Akhale anafunsa chimene ankachita m'katimo. Anati kusesa ndi kupemphera. Anthu anaseka, Akhale ndi Apite pamodzi, ndipo ine ndinaseka nawo.

Kenako amuna anga anafunsa funso limene aliyense anadzera. Anati akangotchula mzimayiyo, mpingo uona mowachitira chifundo.

"Zimenezo ndiye sindinena," anatero a Makiyi.

Anawafunsa katatu, mofatsa, mowopseza, ndi vesi lomwe. Iwo anangoti za makiyi awaweruze, chifukwa analakwadi, koma zinazo akudziwa ndi Mulungu. Ponena izi anandiyang'ana pang'ono, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuona mnzake akuyenda molunjika dzenje. Magulu onse awiri anagwirizana zowachotsa mumpingo. Anagwirizananso zochotsa maloko awiri aja n'kugula mmodzi wamkulu kutali, kwa munthu wosatidziwa, wa makiyi awiri, mmodzi kwa mkulu wa Akhale, wina kwa amuna anga. Chinali chinthu choyamba chimene tinagwirizana m'miyezi isanu, ndipo ena anachita kugwirana chanza.

Ntchito ya a Makiyi inafa sabata yomweyo. Anthu amene kwa zaka zambiri ankawasiyira makiyi a nyumba, a mashopu ndi a masutikesi anayamba kusintha maloko. Mayi wina anabwera kudzawafunsa pamaso pa anthu ngati mbale zake zimene zinasowa chaka chatha sizili kwawo. Eni nyumba za lendi ankadutsa pakhondepo maso ali kutsogolo, makiyi atawafumbata m'thumba. Iwo ankabwerabe tsiku lililonse, kuvula chipewa, kupemphera pemphero lawo lija, n'kukhala tsiku lonse makina osalira. Ankandipatsabe moni: "Mwadzuka bwanji, mayi a ulusi?" Moni ameneyu ankandiwawa kuposa kutukwana. Ndinkadziuza kuti munthu wosalakwa akanakwiya, ndiye kufatsa kumeneku n'kwa munthu amene akubisabe kanthu.

Nkhani yanga inali yosatha popanda nkhope ya mzimayi uja, ndipo zinkandiyabwa. Patatha milungu itatu ndinadzukanso m'mamawa n'kukaima kuseri kwa mpanda womwe uja, ndikuganiza kuti mwina akumapezerana chapafupi.

Ndinawapeza pakhomo penipeni pa tchalitchi. Mzimayi uja anali atagwira loko watsopano ndi manja awiri, akumukoka, akulira ngati mwana amene amutsekera panja. A Makiyi ankamusisita pamsana, akumulankhula motsitsa. Kenako anamupatsa tsache limene anabwera nalo. Iye anawerama n'kuyamba kusesa masitepe atatu a pakhomopo, kubwereza pomwe wasesa kale, ndipo akusesa choncho anayambitsa nyimbo. Thupi linali litatha, koma mawu anali omwe aja. Ndinatuluka kuseri kuja osadziwa kuti ndikuyenda.

Nsalu inali itagwera m'mapewa. Tsitsi lonse linali loyera, masaya atalowa. Amayi a Tsache anandiyang'ana bwinobwino, ine amene anandigwira dzanja paukwati wanga, n'kunena kuti, "Mtsikana iwe, makiyi ali ndi ndani? Anthu abwera posachedwa, m'katimu simunasesedwe."

A Makiyi anakhala pasitepe, nanenso ndinakhala, mayi aja akusesa mozungulira mapazi athu. Anandifotokozera kuti zinayamba zaka ziwiri zapitazo. Poyamba kunali kuiwala poto pamoto, kenako mayina a ana, tsopano masiku ena amawatchula iwo kuti achimwene n'kuwafunsa kuti amuna awo abwera liti. Kuchipatala anati ndi matenda a ukalamba, mankhwala ochiza palibe. Zonse zinawathawa kupatula njira ya kutchalitchi ndi tsache. Akasesa m'katimo n'kukhala pabenchi yawo pang'ono, tsiku lonse amakhala odekha, amadya, ndipo mlongo wawo wa a Makiyi amatha kukhala nawo masana. Akapanda kusesa amakana chakudya, amangozungulira m'nyumba kufuna potulukira. Chiikireni loko watsopano anali atathawa kawiri, ndipo ulendo wina anawapeza kumsewu waukulu, magalimoto akuwaimbira mahutala.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere pabwalo paja. Mawu amodzi okha, dzina lawo likanayera.

Anati pamene mayiwo ankazindikirabe kuti mutu ukuwathawa, anawalumbiritsa kuti asadzawaonetse kwa anthu ali chonchi. Anatinso pakamwa pathu amapadziwa. Amadziwa dzina limene timapatsa mayi wokalamba wopezeka m'mamawa pakhomo lotseka, osadziwa kumene wachokera. Apa ndinayang'ana pansi, chifukwa chaka chapitacho dzina limenelo ndinalitchulapo ndi pakamwa panga, za gogo wina wa kuseri kwa msika, ndipo ana anamuponya miyala.

"Ine popanda dzina ndikhoza kukhala," anatero. "Awawa chawatsalira ndi chimene anthu akukumbukira basi."

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwabwino. Kunali kwa manyazi. Ndinawafunsa ngati sakwiyira Mulungu, poti amutumikira moyo wonse, ndipo malipiro ake ndi awa: mkazi wosawadziwa, mpingo wowataya, ntchito yakufa. Anati amamufunsa ndithu, nthawi zina mokweza mawu, ndipo sayankha. Koma m'mawa uliwonse amadzuka ndi mphamvu zokwanira tsiku limenelo. Za mawa sawapatsiratu, mwina akudziwa kuti angaziwononge ndi nkhawa. Anaseka pang'ono ponena zimenezi, kenako anadzuka kukachotsa tsache m'manja mwa akazi awo, omwe anali atayambanso kukoka loko.

Ndinati ndikauza anthu onse lero lomwe. Anandiletsa. Anati ndawalanda kale ntchito, ndisawalandenso lonjezo. Sananene mwaukali, koma palibe mawu amene anandilasapo ngati amenewo. Ine amene sindinasungepo nkhani kupitirira ola limodzi ndinapatsidwa yoti ndife nayo.

Usiku ndinkaganiza, masana ndinkaganiza. Amuna anga anali atasiya kuvala kiyi m'khosi, poti wakuba anali atagwidwa. Ankamukoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Lachitatu lina ndinamutenga, ndinapita naye pakhonde paja, ndinamuika patebulo la a Makiyi pafupi ndi tupa. Iwo anangoona kunyezimira kwake n'kutembenukira kukhoma.

"Chotsani, mayi a ulusi. Ndinachita kamodzi, mwaona kumene zandifikitsa."

Ndinawachonderera kuti angoyang'ana, kamodzi kokha, palibe adziwe. Anakhala choyang'ana khoma mpaka ndinabweza kiyi uja m'kachikwama kanga.

Ndiye panatsala njira imodzi. M'mawa mwake ndinatenga kiyi pamsomali amuna anga akadali mtulo, ndinakatsegula ndekha. Amayi a Tsache analowa ngati munthu wofika kwawo. Anandikalipira chifukwa cha fumbi, anandipatsa kansanza kuti ndipukute mabenchi, ndipo anandionetsa pamene ndalumpha. A Makiyi anagwada kumbuyo, chipewa pansi. Titamaliza ndinatseka, ndinathamanga, kiyi anabwerera pamsomali madzi osamba asanatenthe.

Papita miyezi iwiri tsopano. Kulikulu sanaweruzebe, Akhale akadali kusukulu, ife tikadali kugaraja. A Makiyi saloledwa uku kapena uko, ndiye Lamlungu amapemphera kunyumba ndi akazi awo. Patebulo pawo pamabwera alendo okha, anthu odutsa amene sanamve mbiri, ndi ine. Chitseko cha kukhitchini kwanga chili ndi makiyi asanu ndi awiri tsopano, onse ali m'dilowa, ndipo iwo amadula osandifunsa kuti enawo ndataya kuti.

Koma msewu wathu uli ndi maso ambiri, si anga okha. Mayi wa gulu lathu uja wasuzumiranso pawindo n'kuona mosesedwa. Akhale akuti ndi amuna anga, amuna anga akuti ndi mkulu wa Akhale, ndipo kugwirana chanza kuja kwaiwalika. Kunyumba, amuna anga ayamba kundiwerenga mmene ine ndinkawerengera mnzanga. Anandifunsa kuti katundu amene ndimaoda m'mawa uliwonse ali kuti, poti tebulo langa silikudzaza. Anafunsa chimene ndimawodzera madzulo asanamalize kupemphera. Dzulo ndikulowa m'nyumba ndinawapeza atadzuka kale, atakhala pabedi, akuyang'ana msomali wopanda kanthu. Anaimirira, anachotsa ulusi wa kangaude paduku langa, anauyang'ana nthawi yaitali.

Tatha zaka makumi awiri ndi chimodzi m'banja, ndipo nkhani iyi isanabwere ndinali ndisanawabisirepo kanthu, ngakhale zimene ndinkayenera kubisa. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kiyi. Kenako anafunsa ndi mawu otsika kwambiri kuti ndimalowa ndi ndani m'menemo.

Dzina linali pamlomo penipeni, ndipo likanandimasula nthawi yomweyo.

"Za kiyi mundiweruze, bambo," ndinatero. "Zinazo ndiye sindinena."